Nyama ikalengezedwa kuti ibwezedwe: zomwe timachita m'khitchini ya pasukulu

Lamlungu pa 4 Malichi 2018, nduna ya zaumoyo ya ku South Africa, Dr Aaron Motsoaledi, inalengeza kuti gwero la matenda a listeriosis lapezeka, ndipo ndi poloni wopangidwa pa fakitale ya Enterprise ku Polokwane. Inalamula kuti katunduyo achotsedwe m'masitolo, n'kuchenjeza anthu kuti ayambe asiya kudya nyama zonse za m'mapaketi zomwe zimadyedwa osaphikanso. Nthawi imeneyo ndinkaphika pa sukulu ina ya mkaka ku Johannesburg, ya ana osapitirira zaka zisanu. Uthengawo unandipeza ndikuchapa zovala, ndipo usiku umenewo tulo sitinabwere.

Lolemba ndinalawirira kusanayere. Nditatsegula firiji ndinapeza chigoba cha ayisikirimu chodzaza ndi poloni yemwe ndinadula ndekha Lachisanu. Chokutira chake ndinali nditataya m'bini, ndipo zinyalala zinali zitatengedwa kale. Lisiti linangolembedwa kuti "polony 2kg". Mwini sukulu atafika anandifunsa funso limodzi lokha: "Poloni ameneyu ndi wa kampani iti?" Ndinangoti kukamwa yasa. Ana anali atadya poloni yemweyo pa buledi Lachisanu lomwelo.

Mulungu anatichitira chifundo, panalibe mwana wathu amene anadwala. Koma mliri umenewo unadwalitsa anthu 1,060 ndi kupha 216, ndipo odwala oposa anayi pa khumi aliwonse anali makanda osakwana mwezi. Chomwe chinathandiza kuti gwero lipezeke chinali sukulu ya mkaka ngati yathu yomweyo: mu Januwale 2018 ana asanu ndi anayi a sukulu ina ku Soweto anapita nawo ku chipatala cha Chris Hani Baragwanath akutsekula m'mimba ndi kutentha thupi, ndipo azaumoyo atakatenga poloni pasukulupo anapezamo tizilombo ta Listeria, tomwe timayambitsa matendawa. Panopa ndili kuno kumudzi, ndimayang'anira khitchini ya sekondale yogonera komweko, ndipo ndalemba izi chifukwa cha anzanga ophikira anthu ambiri m'masukulu, m'makoleji, m'zipatala ndi m'malo osungira ana amasiye.

Ntchito yeniyeni ili pa tsiku lolandira nyama

Tsiku la chilengezo mudzangokolola zomwe munafesa tsiku lomwe galimoto inatsitsa katundu. Chilengezo chimatchula dzina la katundu, kampani, nthawi zina fakitale, nambala ya batch (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi) ndi madeti. Ngati zimenezi simunasunge, muli ngati ine ndi chigoba changa cha ayisikirimu chija.

Gulani kope la chikuto cholimba, likhale la nyama yokha. Nyama iliyonse ikalowa, lembani deti, mtundu wake, makilogalamu, amene wabweretsa, dzina la kampani yomwe yapanga, nambala ya batch ndi tsiku lomwe idzathe ntchito. Samalani apa: wobweretsa ndi wopanga ndi anthu awiri osiyana. Ambiri timangolemba dzina la bambo wa galimoto uja, pomwe chilengezo chidzatchula fakitale. Musanang'ambe katoni kapena paketi, jambulani lebulo ndi foni, kenako dulani lebuloyo ndi sizasi n'kuimata m'kope ndi selotepi. Ine ndimaipukuta kaye kuti isanunkhitse kope. Mukasamutsa nyama kuika m'chidebe china, matani kapepala pachivundikiro kolemba deti ndi tsamba la m'kope pomwe pali lebulo yake. Zonsezi sizitenga mphindi zisanu.

Ndikudziwa kuti masukulu ambiri kuno sagula nyama ya m'mapaketi. Timagula ng'ombe yophedwa kale ku butchala, kapena mbuzi ndi nkhuku kwa alimi. Pamenepo lebulo yanu ndi chidindo cha a vetenale omwe anayeza nyamayo, lisiti la butchala, ndi mayankho a mafunso awa: yaphedwa liti, yaphedwera kuti, ng'ombeyo inachokera dera liti. Funsani ndipo lembani, ngakhale wogulitsayo akwinye nkhope. Safunsa anadya phula. Nyama yopanda chidindo, yobwera madzulo pa kabaza itakutidwa m'thumba, pa mtengo wotsika modabwitsa, ibwerere yomweyo. Nyama yotsika mtengo chonchi imatha kukhala ya chiweto chodzifera.

Mbali yachiwiri ya kopelo ndi ya kutuluka kwa nyama: tsiku lomwe inaphikidwa, chakudya chamasana kapena chamadzulo, anadya ndani, yotsala inapita kuti. Mbali imeneyi ndi yomwe imaiwalika, koma ndi yomwe adokotala adzaifune.

Kopeli musalitaye teremu ikatha. Pa 17 Febuluwale 2008 ku America kunalengezedwa kubwezedwa kwa nyama ya ng'ombe yolemera mapaundi 143 miliyoni, pafupifupi matani 65,000, ya kampani ya Westland/Hallmark ya ku Chino, California, zitaululika kuti ng'ombe zolephera kuimirira zinkaphedwa osayezedwanso monga mwa lamulo. Gawo lina la nyamayo linali litapita ku chakudya cha ana m'masukulu. Chilengezocho chinakhudza nyama yonse yopangidwa kuyambira Febuluwale 2006, zaka ziwiri m'mbuyo, ndipo ina inali itadutsa m'mafakitale ena n'kutulukamo ndi mayina ena. Ndiye ine makope anga ndimasunga zaka ziwiri, m'kabati ya mu ofesi, kutali ndi chinyezi cha m'khitchini.

Uthenga ukafika

Sudzafika mwaulemu ndi kalata ya chidindo. Udzabwera pa wailesi, pa WhatsApp, kapena kudzera mwa mphunzitsi amene wauona pa Facebook. Ena mwa mauthenga otere amakhala abodza, ena akale omwe angoyambanso kuzungulira. Komabe dongosolo ndi ili: imitsani kaye, mufufuze pambuyo. Kudya nyemba tsiku limodzi chifukwa cha mphekesera sikunaphepo mwana. Ngakhale nyama ili kale pamoto ndipo belu la ku dayiningi latsala pang'ono kulira, phulani mphikawo, vundikirani, muuike pambali.

Uzani ahedi nthawi yomweyo. Kenako tsimikizani uthengawo kwa omwe ali ndi udindo: wogulitsa amene anakubweretserani, ofesi ya zaumoyo ya pa boma kumene kuli oyendera zaukhondo, a Malawi Bureau of Standards ngati ndi katundu wa m'mapaketi, kapena alangizi a ziweto ngati nkhani ndi ya matenda a ziweto. Lembani nthawi yomwe munaimba, amene munayankhula naye ndi zomwe ananena. Wogulitsa akakuuzani pafoni kuti "yathu ilibe vuto, amayi, phikani", mupempheni alembe zimenezo ndi kusayina. Ambiri akamva za kusayina amayamba kufufuza zenizeni.

Werengani chilengezocho modekha, kope lili pambali. Yerekezani dzina, kukula kwa paketi, fakitale, nambala ndi madeti. Onaninso chifukwa chake: kodi ndi tizilombo, mankhwala, tizidutswa ta chitsulo, kapena nyama yosayezedwa? Chifukwacho ndi chomwe chidzakuuzeni zizindikiro zoyang'ana mwa ana. Ndipo pitirizani kumvetsera masiku otsatira, popeza mndandanda umatha kukula. Mu 2018 nkhani sinathere pa Polokwane pokha. Poloni wa Rainbow Chicken wa ku Sasolburg anachotsedwanso m'masitolo, ndipo Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi maiko ena oyandikana nawo analetsa nyama zotere kuchokera ku South Africa.

Nyama iliyonse yomwe simungathe kutsimikiza komwe inachokera, itengeni ngati ili m'gulu loletsedwalo. Poloni wanga uja ndinamuwerengera momwemo.

Kuisonkhanitsa ndi kuitsekera

Valani magolovesi, kapena jumbo kumanja ngati mulibe. Ikani nyama yonse yokayikitsa mu jumbo, mangani, muikenso mu jumbo ina, mumangenso. Lembani ndi pentopeni yaikulu kuti "OSAGWIRA, OSAPHIKA" ndi deti lake, m'chinenero chomwe aliyense wa m'khitchini amawerenga. Ngati muli ndi firiza yapadera, ikani mmenemo n'kukhoma loko. Ngati firiza ndi imodzi, ikani m'chidebe chotseka bwino pansi penipeni, kuti madzi ake asadonthere pa zakudya zina. Kiyi asunge munthu mmodzi.

Musanatseke, pimani pa sikelo ndi kuwerenga mapaketi pamaso pa mboni, monga wosunga sitolo kapena msungichuma wa sukulu, ndipo nonse musayine. Jambulani. Kenako chitani masamu: inalowa yochuluka bwanji, yadyedwa yochuluka bwanji, yatsala yochuluka bwanji. Masamu akapanda kugwirizana, ndiye kuti pali nyama yomwe ili kwina, ndipo muyenera kuipeza.

Fufuzani paliponse. Tuck shop ya sukulu. Kafiriji ka mu staff room. Nyumba ya a matron. Ndiwo zotsala dzulo zomwe zili m'beseni. Masamusa ndi ma sausage roll omwe amayi ena amagulitsa pageti. Pa sukulu ya mkaka ija tinatsegula kabokosi ka chakudya ka mwana aliyense m'mawa wa Lolemba, ndipo tinapeza buledi wa poloni m'timabokosi tingapo, chifukwa makolo ena anali asanamve. Tinachotsa n'kuwapatsa anawo buledi wopaka chiponde.

Palinso nkhani ina yomwe tonse timaidziwa koma sitikonda kuitchula. M'makhitchini ambiri kanyama kamatuluka madzulo m'kachikwama, kupita kunyumba. Tsiku limeneli si la milandu. Itanani antchito onse, muwauze mosabisa kuti: "Amene anatengako, palibe amene achotsedwe ntchito lero. Imbani foni kunyumba kuti asadye, ndipo mubweze." Mukayamba ndi kuopseza, adzakana, ndipo ana awo adzadya.

Yeso lalikulu: kutaya ndiwo

Apa ndi pomwe ndimafuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Tinaleredwa kuti chakudya sachitaya. Ambiri mwa ife nyama tinkaiona pa Khrisimasi. Ndiye taganizani makilogalamu makumi angapo a nyama yooneka bwino, yofiira, yosanunkha, ikupita kukatayidwa pomwe mlonda wa pageti ana ake agonera masamba a maungu. Mtima umawawa, ndipo mawu amabwera okha: "Bwanji tingoiwiritsa kwambiri?" "Bwanji tiwapatse alonda?" "Tinunkhize kaye tione."

Tsoka silinunkha. Tizilombo ta Listeria sitisintha fungo, mtundu kapena kakomedwe ka nyama, ndipo choopsa chake n'chakuti timapitiriza kuswana ngakhale m'firiji mozizira, mmene tizilombo tina timangogona. Firiza imatiimitsa koma siitipha. Choncho mphuno ndi lilime sizingakuuzeni kanthu. Osalawa ngakhale kachidutswa.

N'zoona kuti moto wokwanira umapha Listeria. Koma nyamayo isanafike mumphika idzadutsa pa thabwa, pa mpeni, m'manja mwa wophika, ndipo manja omwewo adzadula tomato ndi kabichi wa saladi. Komanso mu mphika waukulu wa anthu mazana ndani angalumbire kuti nthuli iliyonse yapsa mpaka mkati? Pali tizilombo tina timene timasiya poizoni yemwe satha ndi moto, ndipo mankhwala kapena tizitsulo siziphikika. Nyama yoletsedwa siphikidwa, basi.

Kupatsa antchito ndi kuwapatsa matenda omwe mwawakana kwa ana asukulu. Mlonda uja mwina mkazi wake ndi woyembekezera, mwina iye mwini ali pa ma ARV, mwina kunyumba kuli agogo. Amenewa ndiwo omwe listeriosis imawagwetsa kwambiri: amayi oyembekezera ndi makanda awo, okalamba, ndi omwe chitetezo cha m'thupi chinatsika chifukwa cha HIV, khansa kapena shuga. Ngati mukumva chisoni, ndipo n'koyenera kumva chisoni, pemphani ahedi kuti antchito apatsidwe nyemba kapena mazira tsiku limenelo. Agalu ndi nkhumba za sukulu nazonso osazipatsa.

Kubweza kapena kuwononga

Njira yabwino ndi kubweza kwa wogulitsa, chifukwa ndi yomwe imabweza ndalama komanso kufikitsa katunduyo komwe angawonongedwe moyenera. Ku South Africa anthu anauzidwa kuti abweze ku sitolo, asataye m'bini, chifukwa kuli anthu ambiri omwe amatola zinthu m'mabini ndi kumtaya. Katundu yemwe anasonkhanitsidwa ndi kuwonongedwa anaposa matani 5,000. Pobweza, wolandirayo asayine pepala losonyeza makilogalamu, mtundu ndi deti, ndipo alembe ngati adzabweze ndalama kapena adzabweretse katundu wina. Popanda pepala limeneli, owerengera ndalama akadzabwera adzati nyamayo munadya ndinu.

Musafulumire kutaya zonse musanamve kwa azaumoyo. Ngati pali mwana amene wadwala, adzafuna kutengako kuti akayeze, monga anachitira ku Soweto kuja.

Ngati wogulitsa sangabwere ndipo azaumoyo alamula kuti iwonongedwe pasukulu pomwepo, iwo akhalepo ndipo anene njira yake. Kawirikawiri ndi kuotcha mpaka kupserera, kapena kukwirira m'dzenje lakuya lomwe galu kapena fisi sangafukule, kutali ndi chitsime ndi mjigo. Ng'ambani mapaketi ndi kuthira mankhwala omwe azaumoyo anena, kuti nyamayo isadyekenso. Ndikunena izi chifukwa nyama yokwiriridwa masana anthu akuona imatha kufukulidwa usiku. Uzani amfumu a m'deralo chifukwa chomwe mwakwirira, kuti achenjeze anthu awo. Lembani tsiku, malo, makilogalamu ndi mayina a mboni.

Pali nkhani imodzi yosiyana ndi zonsezi. Ngati chenjezo ndi la anthrax (matenda a ziweto ndi nyama zakutchire omwe amagwiranso anthu), monga zinachitikira ku Zambia mu 2023, kapena pamene mvuu zinkafa ku Liwonde mu 2018, nyama yokayikitsa musaidule, musaisunthesunthe, musaigwire ndi manja. Tsekani chipindacho, itanani a vetenale ndi azaumoyo, ndipo aliyense amene anaigwira kale akaonane ndi achipatala tsiku lomwelo. Matenda amenewa amalowa ngakhale pa khungu.

Kutsuka

Nyama ikachoka, tizilombo timatsala. Tulutsani zonse m'firiji. Chakudya chilichonse chosavundikira chomwe chinagundana ndi nyamayo kapena kudontheredwa madzi ake, makamaka chodyedwa osaphika, chipite limodzi ndi nyamayo. Chotsani mashelefu ndi madirowa. Tsukani kaye ndi madzi ofunda ndi sopo, chifukwa Jik sagwira ntchito pamwamba pa mafuta. Mukatsukuluza, pakani madzi a Jik: tiyisipuni imodzi ya Jik wopanda fungo lowonjezera pa lita imodzi ya madzi, muyezo womwe azaumoyo ankalangiza nthawi ya mliri ija. Siyani kwa mphindi khumi, kenako ziume zokha. Jik osamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira, mpweya wake ndi woopsa.

Musaiwale mphira wa pachitseko cha firiji. Ine nditaupinda ndi chala tsiku lija ndinapeza litsiro lakuda lonyowa m'mphako mwake, pomwe firijiyo ndinkaipukuta sabata iliyonse ndi kudzitama nayo. Ndinachita kutenga mswachi wakale. Chitaninso chimodzimodzi ndi mipeni, makamaka polumikizira chogwirira, mabeseni, sikelo, matebulo, zogwirira za zitseko ndi mipopi. Makina odulira kapena opera nyama amasulidwe chidutswa chilichonse. Thabwa lodulira lomwe lili ndi ming'alu yakuya liponyeni pamoto. Nsalu zopukutira ziwiritsidwe, masiponji atayidwe.

Popeza mwatsegula kale firiji, ikanimo kachipangizo koyezera kuzizira. Isapitirire madigiri 5. Ndi kuzimazima kwa magetsi kuno kwathu, lembaninso m'kope nthawi yomwe azima ndi yomwe ayaka.

Kuuza makolo, ndi kuwerenga masiku

Oyang'anira sukulu ena amaopa apa. Amati mbiri ya sukulu iipa, makolo achotsa ana. Koma makolo adzamva ndithu, ndipo akamva kwa mwana wawo kapena pa WhatsApp inu muli chete, chikhulupiriro chimatheratu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: chomwe mungafune kuuzidwa za mwana wanu, auzeni.

Uthenga ukhale waufupi ndi woona. Nenani nyama yomwe yaletsedwa, ngati sukulu inali nayo, masiku omwe ana anadya, zomwe mwachita, zizindikiro zoti ayang'ane, ndi nambala yoti aimbe. Musalembe kuti "palibe vuto lililonse" pomwe simukudziwa. Ife tinalemba kuti ana anadya poloni Lachisanu pa 2 Malichi, kuti sitinasunge chokutira chake, ndipo tikumutenga ngati woletsedwa. Mwini sukulu anazengereza pa chiganizo cha chokutiracho, koma anachisiya. Mayi wina anabwera madzulo atakwiya kwambiri, anandikalipira pamaso pa anzanga, ndipo ndinangowerama chifukwa ankanena zoona. Mwana wake sanamuchotse.

Zizindikiro za listeriosis ndi kutentha thupi, kuphwanya m'thupi, kutsekula m'mimba, kusanza, ndipo ikakula mutu waukulu, kuuma khosi, kusokonezeka maganizo ndi kukomoka. Kuno kwathu aliyense akatentha thupi timathamangira kuti ndi malungo, ndiye uzani makolo ndi a matron kuti akapita kuchipatala akanene momveka kuti mwanayu anadya nyama yoletsedwa tsiku lakuti. Matendawa amachizika ndi mankhwala a kuchipatala akapezeka msanga. Osagula mankhwala pa okala.

Chovuta n'chakuti matendawa amatha kubisala. Ena amadwala patangopita tsiku limodzi kapena masiku ochepa, koma amatha kutenga mpaka masiku 70 asanaonekere. Ine ndinatenga kalendala ya pakhoma n'kuwerenga kuchokera pa 2 Malichi, ndipo ndinazunguliza 11 Meyi ndi pentopeni yofiira. M'mawa uliwonse kufikira tsikulo ndinkafunsa aphunzitsi kuti ndani sanabwere ndipo chifukwa chiyani. Chitani chimodzimodzi: kope la odwala likhale kwa a matron kapena anesi, lembani dzina, tsiku ndi zizindikiro, ndipo ana awiri kapena atatu akadwala mofanana, dziwitsani ofesi ya zaumoyo osadikira mawa. Ngati masiku amenewa alowa mu holide, makolo adziwe tsiku lomaliza kuwerenga.

Mayi aliyense woyembekezera amene anadyako, kaya ndi wophika, mphunzitsi kapena woyeretsa, muitaneni pambali mumuuze akaonane ndi achipatala, ndipo akangomva kutentha thupi asachedwe ngakhale pang'ono. Kwa iye matendawa amatha kungooneka ngati chimfine, koma n'kupita padera, kubereka masiku asanakwane kapena kubereka mwana wodwala kwambiri. M'chipatala ndi m'malo osungira okalamba, mndandanda wa omwe anadya upite kwa adokotala tsiku lomwelo, chifukwa ambiri mwa odya anu ali kale m'gulu losachedwa kugwa.

Nanga ana adya chiyani?

Funso limeneli limabwera pasanathe ola. Khalani ndi ndiwo za masiku atatu zosafuna firiji zomwe zimakhala m'sitolo nthawi zonse: nyemba, nandolo, soya pieces, usipa kapena matemba ouma, nsinjiro zotendera masamba. Mazira amapezeka msanga. Musathamangire kukagula nyama ina kwa munthu wosamudziwa pofuna kutseka dzenje, mungachoke pa moto n'kugwera pa moto wina.

Pa sukulu yogonera komweko, tsiku la nyama ndi tsiku lalikulu, ndipo amene anagwirapo ntchito pa boarding akudziwa kuti nkhani ya ndiwo imatha kuswetsa magalasi. Musadikire kuti ana akaone nyemba m'mbale pa tsiku la nyama. Itanani ma prefect, makamaka woona za ku dayiningi, muwaonetse chilengezocho, muwaonetse majumbo omangidwa aja ndi masamu ake, kuti asaganize kuti nyama yabedwa. Auzeni tsiku lomwe adzabwezeredwe nyama yawo, ndipo lonjezo limenelo mulisunge. Ana a fomu 4 ndi anthu akuluakulu. Mukawauza zoona amakathandiza kukhazika anzawo pansi.

Zonse zikatha, mangani pamodzi chilengezo, masamba a m'kope, zithunzi, pepala lobwezera, kalata ya makolo ndi kope la odwala mu fayilo imodzi. Khalani pansi ndi wogulitsa wanu. Ine tsopano aliyense wofuna kutibweretsera nyama ndimamuuza zinthu zitatu tisanagwirizane: lisiti lake lizilembedwa dzina la wopanga ndi nambala ya batch kapena malo ophera, atiimbire foni tsiku lomwelo akangomva za vuto lililonse, ndipo katundu woletsedwa azidzatenga yekha n'kubweza ndalama. Zimenezi zimalembedwa mu mgwirizano. Manambala a ofesi ya zaumoyo, a vetenale, a ahedi ndi a chipatala chapafupi ndinawamata kuseri kwa chitseko cha sitolo, kuti ngakhale ine ndili kumaliro kumudzi, wotsala adziwe koimba.

Kamodzi pa teremu ndimayesa anzanga. Ndimatsegula kope, n'kusankha nyama yomwe inabwera masabata atatu apitawo, n'kunena kuti: "Tiyerekeze kuti iyi yaletsedwa. Ili kuti, yatsala yochuluka bwanji, anadya ndani?" Ulendo woyamba zinatitengera m'mawa wonse, ndipo makilogalamu awiri sanapezeke mpaka wina anakumbukira kuti anaphikira alendo a komiti ya makolo. Kuyambira pamenepo m'kope muli danga la alendo. Teremu yatha tinamaliza madzi a tiyi asanawire.